Munda wa magetsi a dzuwa: ndalama zake zimachokera kuti, nanga mwini malo ayembekezerenji?

Alimi a ku Tsangano amene anafikapo ku Golomoti, m'boma la Dedza ku Malawi, amaudziwa munda wina wachilendo umene uli kumeneko. M'mundamo simulimidwa chimanga kapena kachewere. Muli mapanelo a sola zikwizikwi oyalidwa pa zitsulo m'mizere italiitali, ndipo malo onsewo anawatchinga ndi mpanda wa waya. Mundawo umapanga magetsi okwana mamegawati 20, ndipo unayamba kugwira ntchito mu 2022.

Minda yotere ikuyembekezeka kufikanso m'chigawo cha Tete. Boma la Mozambique linaika Manje, likulu la boma la Chiúta lomwe linachita malire ndi Macanga, pa mndandanda wa malo omangapo munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 30. Nayo kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, yomwe imadziwika kuti HCB, inalengeza maganizo omanga wina waukulu kwambiri, wofika mamegawati 400, ku Matambo kufupi ndi mzinda wa Tete.

Nkhani zotere zikamveka pa wailesi, anthu a ku Furancungo, Chidzolomondo ndi Ntengo-wa-Mbalame amakhala ndi mafunso awiri. Loyamba n'lakuti kodi magetsiwo afika m'mudzi mwawo. Lachiwiri n'lakuti kodi malo oyalapo mapanelowo atengedwa kwa yani. Mayankho a mafunso onsewa agona pa mmene ntchito yotere imapezera ndalama. Monga mphika umakhala pa mafuwa atatu, munda wa magetsi umaima pa zinthu zitatu: wogula magetsiwo, wobwereketsa ndalama, ndi malo. Mwa zitatuzi, chimene chili m'manja mwa alimi ndi malo.

Sola ya padenga ndi munda wa magetsi n'zosiyana

Mabanja ambiri a m'malire muno ali ndi kapanelo kamodzi padenga kotchajira foni ndi kuyatsira mababu awiri kapena atatu. Magetsi a kapanelo kameneka amathera m'nyumba momwemo. Palinso masiteshoni ang'onoang'ono a sola amene amapereka magetsi ku msika umodzi, chipatala ndi nyumba zoyandikana nazo, m'madera amene mawaya a Electricidade de Moçambique, EDM, sanafikeko. Ntchito yamtunduwu nthawi zambiri imayendetsedwa ndi bungwe la boma la FUNAE.

Munda waukulu wa magetsi ndi wina. Mapanelo ake amalandira kuwala kwa dzuwa n'kutulutsa magetsi, makina otchedwa ma inverter amawasintha kuti afanane ndi oyenda m'mawaya a EDM, kenako mathiransifoma amawakweza mphamvu kuti athe kuyenda ulendo wautali. Akachoka pamenepo amalowa pa sabusiteshoni, malo amene mawaya akuluakulu amakumanirapo, ndipo amasakanikirana ndi magetsi ochokera kwina konse. Kampani yomanga mundawo sigulitsa magetsi khomo ndi khomo. Wogula wake ndi mmodzi, EDM, ndipo EDM ndiyo imagawira anthu.

N'chifukwa chake omanga safuna dzuwa lokha. Amafuna malo athyathyathya, osasefukira madzi, okhala ndi msewu wodutsa magalimoto olemera, komanso oyandikana ndi sabusiteshoni imene ingathe kulandira magetsiwo. Kukoka waya wamphamvu mtunda wautali kumadya ndalama zambiri, mwakuti malo a dzuwa lambiri amatha kukanidwa chifukwa chotalikirana ndi mawaya. Kuzizira kwa kumapiri ngati kwa ku Tsangano si vuto kwa mapanelo, pakuti amagwira bwino ntchito akakhala osatentha kwambiri. Chimene chimawachepetsa mphamvu ndi mitambo, chifunga ndi fumbi.

Nanga Cahora Bassa si ilipo kale?

Wina angafunse kuti magetsi a dzuwa ngachiyani m'chigawo chimene chili ndi damu lalikulu chotero. Damu la Cahora Bassa, ku Songo, lili ndi makina otha kupanga mamegawati 2,075. Komatu linamangidwa m'nthawi ya Apwitikizi ndi cholinga chogulitsa magetsi ku South Africa, ndipo mpaka lero gawo lalikulu la magetsi ake limapita kumeneko, ku kampani ya Eskom, motsatira mgwirizano wa zaka zambiri. Dziko la Mozambique linatenga gawo lalikulu la umwini wa HCB mu 2007, koma mapangano ogulitsa kunja sanathe nthawi yomweyo.

Chifukwa china ndi mvula. Chilala cha 2024 chinachepetsa kwambiri madzi a mu Zambezi. Damu la Kariba linatsika mpaka anthu a ku Zambia ankakhala maola ochuluka tsiku lililonse opanda magetsi, ndipo madzi a mu Cahora Bassa nawonso anatsika kwambiri. Ku Malawi vuto linabwera ndi madzi ochuluka: mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dzikolo linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pa nthawi imeneyo munda wa sola wa ku Salima, wa mamegawati 60, umene unali utangotsegulidwa kumapeto kwa 2021, unathandiza kuchepetsa mdima masana.

Dzuwa ndi damu zimathandizana. Masana mapanelo akamagwira ntchito, damu limatha kusunga madzi ake kuti liwagwiritse ntchito madzulo pamene anthu ambiri amayatsa magetsi. Minda ina imakhalanso ndi mabatire akuluakulu. Wa ku Golomoti uli nawo, chimodzimodzinso wa ku Cuamba m'chigawo cha Niassa. Mabatirewa sasunga magetsi a usiku wonse, koma amathandiza mtambo ukadutsa mwadzidzidzi ndiponso dzuwa likangolowa kumene.

Wogula ayambe wapezeka

Mlimi wa fodya wa ku Macanga amadziwa kale mmene ulimi wa pa kontrakiti umayendera. Kampani imamupatsa mbewu ndi feteleza pa ngongole, osati chifukwa chomukonda, koma chifukwa pali pepala lonena kuti fodyayo akacha adzagulitsidwa kwa iyo, ndipo ngongoleyo idzadulidwa pa malonda. Popanda wogula wodziwika, palibe angamupatse feteleza wa pa ngongole.

Munda wa magetsi umayendanso choncho, kungoti ndalama zake n'zambiri ndipo zaka zake n'zochuluka. Chisanakumbidwe chilichonse, kampani imasainirana ndi EDM mgwirizano wogulitsana magetsi. Mgwirizanowo umanena mtengo wa yuniti iliyonse, mmene mtengowo uzisinthira, ndiponso kuti EDM izigula magetsi amene mundawo wapanga kwa zaka zingati. Ku Mocuba ndi ku Cuamba anagwirizana zaka 25. Ku Salima ndi ku Golomoti kampani ya ESCOM ya ku Malawi inasaina zaka 20.

Pepala limeneli ndilo kampani imapita nalo ku mabanki. Munda wa sola umadya pafupifupi ndalama zake zonse pachiyambi, pogula mapanelo, zitsulo, mawaya ndi mathiransifoma. Ukatha kumangidwa sufuna dizilo kapena malasha, pakuti dzuwa silituma invoyisi. Ndalama zimene EDM imalipira mwezi ndi mwezi zimayamba zabweza ngongole ndi chiwongoladzanja chake, kenako kulipira antchito ndi kukonza zowonongeka, ndipo zotsala ndizo phindu la eni ake. Mabanki sayang'ana kwenikweni chuma china cha kampaniyo. Chikole chawo ndi mundawo pamodzi ndi mgwirizano wogulitsa magetsi uja.

Mmene ndalama za ku Mocuba zinasonkhedwera

Munda woyamba waukulu wa magetsi a dzuwa m'dziko la Mozambique uli ku Mocuba, m'chigawo cha Zambézia. Ndi wa mamegawati 40, ndipo unatsegulidwa ndi Pulezidenti Filipe Nyusi mu August 2019. Unadya madola pafupifupi 76 miliyoni a ku America, kutanthauza kuti megawati iliyonse inatsala pang'ono kukwana madola 2 miliyoni.

Pa ndalama zimenezi, eni ake anaikapo madola 14 miliyoni okha. Eni akewo anali atatu: kampani ya Scatec Solar ya ku Norway inali ndi magawo 52.5 pa 100 alionse, bungwe la boma la Norway la Norfund ndi anzake linali ndi 22.5, ndipo EDM inali ndi 25. Madola 55 miliyoni anali ngongole imene inakonzedwa ndi IFC, nthambi ya Banki Yaikulu Padziko Lonse yobwereketsa makampani. IFC inaikapo zake 19 miliyoni, zina 19 miliyoni zinachokera ku thumba la mayiko lothandiza pa kusintha kwa nyengo, pa chiwongoladzanja chotsika, ndipo 17 miliyoni zinachokera ku thumba la Emerging Africa Infrastructure Fund. Madola 7 miliyoni otsalawo anali thandizo losabweza.

Choncho pa madola anayi alionse, pafupifupi atatu anali obwereka. Ku Cuamba zinayendanso mofanana. Munda wa kumeneko, wa mamegawati 19, womangidwa ndi makampani a Globeleq ndi Source Energia pamodzi ndi EDM, unatsegulidwa mu September 2023. Unadya madola pafupifupi 36 miliyoni, mwa iwo 19 miliyoni ngongole ndipo 7 miliyoni thandizo lochepetsa mtengo wa magetsi, kuphatikizapo 1 miliyoni ina yothandizira kugula mabatire. Ku Metoro, m'chigawo cha Cabo Delgado, kampani ya Neoen ya ku France ndi EDM zinabwereka ku mabungwe a boma la France, AFD ndi Proparco, pomanga munda wa mamegawati 41.

Thandizo losabweza ndi ngongole zotsika mtengo zimafunika pa chifukwa chimodzi. Popeza mundawo sugula mafuta, mtengo wa magetsi ake umatsatira kwambiri chiwongoladzanja. Chikakwera, yuniti imakwera. EDM ikagula modula, mapeto ake mtengowo umafika kwa munthu wogula Credelec.

Zimene obwereketsa amaopa

Wobwereketsa ndalama kwa zaka zoposa khumi amayamba wawerenga zonse zimene zingalepheretse kubweza. Choyamba ndi ndalama zakunja. Mapanelo amagulidwa kunja, makamaka ku China, ndipo ngongole imakhala ya madola, pamene EDM imatolera meticais kwa makasitomala ake. Metical ikagwa mphamvu, ngongole imalemera ngakhale dzuwa likuwala chimodzimodzi. Anthu a m'malire amene amagulitsa mbewu zawo pa makwacha amalidziwa vutoli, pakuti mu November 2023 kwacha ya Malawi inagwa ndi magawo 44 pa 100 alionse tsiku limodzi.

Chachiwiri ndi kudalirika kwa wogula. EDM ikachedwa kulipira, kampani ilibe kwina kogulitsa, chifukwa waya wake ndi umodzi. N'chifukwa chake mabanki amafuna chitsimikizo chochokera ku boma kapena ku mabungwe akuluakulu a zachuma. Nkhani ya ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, imene inaululika mu 2016, inachititsa kuti obwereketsa ambiri aziliopa dziko la Mozambique, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene minda yoyambayi inadalira mabungwe a chitukuko m'malo mwa mabanki wamba.

Chachitatu ndi mtendere. Munda wa ku Metoro unatsegulidwa mu April 2022, koma miyezi yochepa pambuyo pake zigawenga zinachita chiwembu m'boma la Ancuabe momwe mundawo uli, ndipo ntchito inasokonekera. Chachinayi ndi mkangano wa malo. Anthu akakwiya n'kutseka msewu wolowera, ntchito imaima koma chiwongoladzanja sichiima.

Kuunika zonsezi kumatenga nthawi yaitali kuposa kumanga kwenikweniko. Ku Mocuba mgwirizano wogulitsa magetsi unasainidwa mu 2016, kumanga kunayamba mu March 2018, ndipo magetsi anayamba kutuluka mu 2019. Choncho anthu akamva chilengezo n'kupita zaka osaona thirakitala, nthawi zambiri ndiye kuti mapepala a ndalama sanathe. Ntchito zina zolengezedwa zimathera pomwepo.

Okushoni imene wotsika mtengo amapambana

Minda yoyamba ija inabwera kudzera m'zokambirana za kampani imodzi ndi EDM. Mu September 2020 boma linakhazikitsa njira ina yotchedwa PROLER, mothandizidwa ndi European Union ndi AFD. Pa ndondomekoyi boma limayamba lasankha malo ndi kuchita kafukufuku woyambirira, kenako bungwe loyang'anira za magetsi la ARENE limaitana makampani kuti apikisane. Malo amene anasankhidwa ndi Dondo ku Sofala, dera la Lichinga ku Niassa ndi Manje ku Tete pa magetsi a dzuwa, komanso Inhambane pa magetsi a mphepo. Mpikisano wa ku Dondo ndiwo unayamba, ndipo mu 2022 kampani ya Total Eren inasankhidwa.

Pa okushoni ya fodya ku Kanengo, belo limapita kwa amene watchula mtengo wokwera. Pa okushoni ya magetsi zimatembenuka: amapambana ndi amene walonjeza kugulitsa yuniti pa mtengo wotsika kwambiri, bola akhale ndi luso ndi ndalama zokwanira. Ubwino wake ndi wakuti EDM imagula motchipa. Koma kampani imene yapambana ndi mtengo wotsika imakhala itawerengera kale tambala iliyonse. Zimene sizinalowe m'mawerengero ake pachiyambi, monga mjigo wa m'mudzi kapena chipinda cha sukulu, zimavuta kuzilowetsa pambuyo pake. N'chifukwa chake nthawi yabwino yakuti mudzi ulankhule ndi pamene ofufuza akuyeza malo, mapepala asanasainidwe.

Malo ndiwo gawo la mlimi

Kawirikawiri megawati imodzi ya sola imafuna hekitala imodzi ndi theka kapena mahekitala awiri, nthawi zina kuposerapo. Munda wa mamegawati 30 ungafune mahekitala 50 kapena 60, osawerengera msewu ndi njira ya mawaya. Kwa mabanja olima hekitala imodzi kapena awiri, amenewa ndi minda ya mabanja makumi angapo. Malowo amatchingidwa kwa zaka 25 kapena kuposa. Mwana amene wabadwa chaka chimene mpanda wamangidwa amadzakhala ndi banja lake mpandawo ulipobe.

Lamulo la malo la 1997 limanena kuti nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu kapena kampani imakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Lamulo lomwelo limavomereza kuti mudzi kapena banja limene likukhala ndi kulima pamalo motsatira mwambo lili nawo kale ufulu umenewu, ngakhale lilibe chikalata. Chimodzimodzinso nzika imene yagwiritsa ntchito malo mosabera wina kwa zaka zosachepera 10. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amayi ndi abambo, umalandiridwa. Choncho kusowa pepala si chifukwa chakuti munthu achotsedwe chimanjamanja.

Kampani isanapatsidwe DUAT, lamulo limafuna kuti anthu a m'deralo afunsidwe pa msonkhano, pamaso pa akuluakulu a boma, ndipo zokambiranazo zilembedwe n'kusainidwa. Msonkhano woyamba ndi wofotokozera, ndipo anthu amayenera kupatsidwa nthawi yokambirana paokha asanayankhe pa msonkhano wina. Ngati pali osamutsidwa, lamulo la 2012 la kasamutsidwe ka anthu limati moyo wawo kumalo atsopano ukhale wofanana ndi wakale kapena woposerapo.

Obwereketsa nawonso ali ndi malamulo awo. IFC imafuna kuti chipukutamisozi chikhale chokwanira kupezera zinthu zofanana ndi zimene zatayika, kuti alimi apatsidwe mwayi wa malo ena olima m'malo mwa ndalama zokha, ndiponso kuti pakhale njira yodziwika yoperekera madandaulo. Ilinso ndi ofesi yakeyake yolandira madandaulo a anthu okhudzidwa ndi ntchito zimene yaikamo ndalama. Mudzi umene ukudziwa dzina la wobwereketsa uli ndi khomo lina logogoda pamene kampani yatseka lake.

Pali mfundo ina yofunika m'midzi yambiri ya ku Macanga ndi Tsangano, kumene munda umatsata mbumba ndipo mwamuna amakhala mkamwini. Olemba mayina akafika n'kulemba bambo yekha monga mutu wa banja, ndalama zimatha kupita kwa munthu amene si mwini munda. Ukwati ukatha, mayi ndi ana amatsala opanda munda komanso opanda ndalama. Dzina la mayi liyenera kuoneka pa mndandanda. Ayeneranso kuwerengedwa amene amalima malo obwereka, amene amadyetsa ng'ombe pamalopo, ndi amene amatolapo nkhuni kapena kudutsapo popita kumtsinje. Manda ndi malo a mwambo ayenera kutchulidwa pachiyambi pomwe.

Zimene Cateme inaphunzitsa chigawo chino

Anthu a ku Tete sayenera kupita kutali kuti aone zotsatira za kusamuka kosakonzekera bwino. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale ya ku Brazil inasamutsira mabanja oposa 700 ku Cateme, m'boma la Moatize, kuti ikumbe malasha. Osamutsidwawo anadandaula za nyumba zong'aluka, nthaka yosabereka bwino ndiponso kutalikirana ndi msika ndi mtsinje. Mu January 2012 anatseka njanji yonyamula malasha. Lamulo la kasamutsidwe ka anthu lija linatuluka chaka chomwecho.

Munda wa sola ndi waung'ono kwambiri poyerekeza ndi mgodi, sutulutsa utsi kapena fumbi la malasha, ndipo nthawi zambiri umatenga minda osati nyumba. Koma phunziro lake ndi lomwelo. Hekitala ya m'dambo yolimidwa kawiri pachaka sifanana ndi hekitala ya pamtunda wamiyala. Ndalama za chipukutamisozi zimatha chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene munda umadyetsa banja chaka ndi chaka.

Pali chinanso. Eni munda wa magetsi amasintha. Mu 2023 Scatec inagulitsa gawo lake la ku Mocuba kwa Globeleq, patangopita zaka zinayi chitsegulireni mundawo. Kugulitsana kotere n'kololedwa ndipo kumachitika kawirikawiri. Koma munthu amene analonjeza pakamwa pansi pa mtengo wa mango akhoza kukhala atachoka kalekale pamene mudzi ukufunsa za lonjezolo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lonjezo limene limamanga mwini watsopano ndi lokhalo lolembedwa, lokhala ndi tsiku, kuchuluka kwake ndi dzina la woyenera kulikwaniritsa.

Ntchito ndi magetsi: zoyenera kuyembekezera

Pa nthawi yomanga, ntchito zimakhala zambiri: kulambula malo, kukumba ngalande za mawaya, kuzika zitsulo, kunyamula ndi kumangirira mapanelo. Amayi ogulitsa zakudya ndi eni nyumba za lendi amapindulanso. Koma nyengo imeneyi imakhala ya chaka chimodzi kapena chaka ndi theka. Mundawo ukayamba kugwira ntchito umafuna anthu ochepa: alonda, otsuka mapanelo, otchetcha udzu ndi amisiri angapo a zamagetsi. Wachinyamata wosiya sukulu kapena munda wake chifukwa cha ganyu wa pamalopo ayenera kudziwa kuti ganyuyo ali ndi mapeto. Chimene angatsale nacho ndi luso, ngati kampani yavomera kuphunzitsa achinyamata a m'deralo ndi kuwapatsa satifiketi.

Pa nkhani ya magetsi, kukhala pafupi ndi mpanda sikutanthauza kuti nyumba iyaka. Magetsi otuluka m'mundamo ndi amphamvu kwambiri moti sangalowe m'nyumba. Kuti mudzi uwale pamafunika waya wina wocheperapo mphamvu, thiransifoma, mapolo ndi mamita, ndipo imeneyi ndi ntchito ya EDM yokhala ndi bajeti yakeyake, pansi pa ndondomeko ya boma ya Energia para Todos yofuna kuti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030. Anthu a m'chigawo chino akhala zaka zambiri akuona mawaya a Cahora Bassa akudutsa pamwamba pa midzi ya mdima, choncho nkhaniyi si yachilendo kwa iwo.

Phindu lenileni lilipo, koma limabwera mozungulira. Magetsi opangidwa pafupi amalimbitsa mawaya a m'deralo, ndipo kuzimazima ndi kufooka kwa magetsi kumachepa. Zimenezi n'zofunika kwa mwini chigayo ku Furancungo, kwa chipatala chosunga katemera mu firiji, ndi kwa alimi ofuna kupopa madzi othirira kachewere, kabichi kapena tirigu m'chilimwe. Waya watsopano wa makilomita 218 wolumikiza Matambo ndi Phombeya m'boma la Balaka, umene atsogoleri a mayiko awiriwa anayambitsa ntchito yake mu April 2022, ukutsegulanso msika wa magetsi ku Malawi, ndipo msika ukakula ofuna kumanga minda ya sola m'chigawo cha Tete akhoza kuchuluka.

Mafunso oyenera kupita nawo ku msonkhano

Safunsa anadya phula. Tsiku limene mfumu ndi akuluakulu a boma adzaitanitse msonkhano wa malo, pali mafunso amene mudzi uyenera kumva mayankho ake usanavomere. Kampaniyo ndi iti, ndipo eni ake ndani? Kodi inasaina kale mgwirizano ndi EDM, kapena ikungofuna kugwira malo podikira? Ikubwereka kwa yani? Ikufuna mahekitala angati, malire ake ndi ati, ndipo kwa zaka zingati? Ntchito ikalephera kuyamba, kapena zaka zikatha, malowo adzabwerera kwa yani, ndipo adzachotsa zitsulo ndi mapanelo akutha ndani?

Ena ndi okhudza moyo wa tsiku ndi tsiku. Malo olowa m'malo ali kuti, ndipo alimi eni ake akawaone asanavomere. Mitengo ya zipatso ndi mbewu za m'munda ziwerengedwa pa mtengo wanji? Chipukutamisozi chiperekedwa mpanda usanamangidwe kapena pambuyo pake? Madzi otsukira mapanelo adzatungidwa kuti, makamaka mu October ndi November pamene zitsime zimaphwa? Njira ya ng'ombe ndi ya ana a sukulu idzadutsa pati? Ntchito zingati zidzakhala za anthu a m'deralo? Kodi waya ndi thiransifoma za m'mudzi zili m'mapepala, ndipo adzalipira ndani?

Pepala la zokambirana liyenera kuwerengedwa mokweza m'chinenero chimene anthu akumva asanasaine, ndipo mudzi utsale ndi kope lake. Palibe lamulo lokakamiza anthu kuyankha tsiku lomwelo. Kampani imabwera ndi mabanki, maloya ndi mgwirizano wa zaka 25, koma popanda malo opanda mkangano palibe banki imene ingatulutse ndalama. Mphamvu ya alimi yagona pamenepo, ndipo imakhala yaikulu kwambiri pa tsiku limene sanasaine.